Dzina Lachiwiri pa Chikuto cha Buku

Pachikuto cha buku la ana pamakhala mayina awiri, ndipo mayinawo salingana. Limodzi limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba, linalo limafinyidwira kumunsi, mwinanso kukabisidwa m'kati pafupi ndi adiresi ya osindikiza. Lalikululo ndi la wolemba nkhani, laling'onolo ndi la amene anajambula zithunzi. Tinazolowera kuona zimenezi moti sitifunsanso ngati n'chilungamo. Komatu mwana wa sitandade 1 akapatsidwa buku sayambira pa mawu. Amayamba wayang'ana nkhope ya munthu wojambulidwayo, aone ngati wakwiya kapena akuseka, ngati ndi woti n'kumukhulupirira kapena kumuthawa, ndipo pamene aphunzitsi akuwerenga chiganizo choyamba, mwana uja amakhala atagamula kale theka la mlandu. Choncho ndikuti wojambula zithunzi za m'buku si wokongoletsa ntchito ya mnzake ayi. Ndi mwini nkhani mnzake wa wolembayo, ndipo ayenera kutchulidwa dzina, kulipidwa, ngakhalenso kudzudzulidwa monga mwini nkhani. Palibe munthu amene moyo wake ukuonetsa zimenezi momveka kuposa a Quentin Blake a ku England, amene ajambula zithunzi m'mabuku oposa 300 ndipo anapitiriza kujambula ngakhale atapitirira zaka 90.

A Blake anabadwa pa 16 Disembala 1932 ku Sidcup, kumphepete kwa mzinda wa London. Ali ndi zaka 16, akadali pasukulu, magazini ya nthabwala ya Punch inayamba kusindikiza zojambula zawo. Wina akanayembekezera kuti mnyamata wotere athamangira kusukulu ya zaluso, koma iwo, atatha zaka ziwiri za usilikali zimene mnyamata aliyense wa ku Britain ankakakamizidwa kugwira nthawi imeneyo, anapita ku Downing College ku yunivesite ya Cambridge kukaphunzira mabuku a Chingerezi kuyambira 1953 mpaka 1956. Kenaka anachita maphunziro a uphunzitsi ku London, ndipo kujambula thupi la munthu anakakuphunzira mwa apo ndi apo ku Chelsea School of Art. Njira yokhotakhota imeneyi si nkhani yongodutsapo. Ikutiuza kuti munthuyu anaphunzitsidwa kuwerenga asanaphunzitsidwe kupaka utoto, ndipo luso loyamba la wojambula za m'buku ndi kuwerenga ndithu: kudziwa pamene nkhani yafika pachimake, pamene wolemba wabisa nthabwala, pamene mawu anena kale zonse moti chithunzi chikangowonjezapo chiwononga. Buku lawo loyamba la ana, A Drink of Water, linatuluka mu 1960, ndipo linabadwa mosiyana ndi mmene ambiri timaganizira. Si wolemba amene anakafuna wojambula, koma a Blake ndiwo anapempha mnzawo John Yeoman kuti alembe nkhani zoti iwo ajambule. Mu 1968 analemba okha buku lotchedwa Patrick, kuti apeze mpata wogwiritsa ntchito utoto wamitundumitundu, popeza osindikiza anali atawazolowera ngati munthu wa inki yakuda basi. Anaphunzitsanso ku Royal College of Art kwa zaka zoposa 20, ndipo anatsogolera gawo la zojambula za m'mabuku kuyambira 1978 mpaka 1986.

Munthu akaona zithunzi za a Blake koyamba, chimene chimabwera pakamwa n'chakuti izi ngakhale mwana angathe. Mizere yake ndi yokandakanda, mphuno ndi zosongoka, maso ndi timadontho tiwiri, zala zili balala, utoto wasefukira kunja kwa mzere. Kudandaula kumeneku n'koyenera kukuyankha, chifukwa kumachokera ku chikhulupiriro chimene ambiri tili nacho, chakuti wojambula waluso ndi amene chithunzi chake chikufanana ndendende ndi cha kamera. Koma taonani mmene ntchitoyo imagwiridwira. A Blake amayamba ndi zojambula zongoyeserera, n'kukonza buku lonse tsamba ndi tsamba kuti adziwe chimene chikhale pati. Akakhutira, amaika choyesereracho pa bokosi la galasi lokhala ndi getsi m'kati, n'kuyala pepala labwino pamwamba pake, kotero kuti mizere ya pansi imaoneka mwachizimezime. Samatsata mizereyo ngati mwana wokopera mapu. Imangowakumbutsa malo a chinthu chilichonse, ndipo iwo amajambulanso mwatsopano ndi cholembera choviika mu inki yakuda yosasungunuka ndi madzi, ataimirira. Amayambira pa chovuta kwambiri, kawirikawiri nkhope, kuti ikakanika ataye pepalalo asanataye nthawi pa zina. Utoto wamadzi umabwera pomaliza. Ndiye kuti chimene chikuoneka ngati chinajambulidwa m'mphindi imodzi chili ndi mapepala otayidwa kumbuyo kwake. Mwana akhoza kukanda mizere, inde, koma sangasankhe kuti kadontho ka diso kasunthe pang'ono chabe kuti mantha asanduke chidwi. Ndipo kamera, ngakhale ikhale yodula motani, singajambule chimphona chogwira maloto ndi ukonde, chifukwa chimphonacho kulibe.

Chimphona chimenechi chikutifikitsa kwa Roald Dahl, wolemba amene dzina lake limayendera limodzi ndi la a Blake. A Tom Maschler a kampani yosindikiza mabuku ya Jonathan Cape ndiwo analumikiza awiriwa, ndipo buku lawo loyamba linali The Enormous Crocodile la 1978, lonena za ng'ona ya mumtsinje wina wa ku Africa imene inatsimikiza mtima kuti idye mwana. Kenaka kunabwera The Twits mu 1980, The BFG mu 1982, The Witches mu 1983 ndi Matilda mu 1988, mpaka a Dahl anamwalira mu 1990. Pa The BFG, buku la chimphona chija, pali kankhani kodziwika kamene kamaonetsa mmene mawu ndi chithunzi zimakokerana. M'zolemba zoyamba chimphonacho chinavala chikopa chakutsogolo ndi nsapato zazitali. A Blake atachijambula chomwecho, zinaoneka kuti zovalazo zikuchilemera, sichingathamange kapena kulumpha monga nkhani ikufunira. Anakambirana, zovala zinasinthidwa, koma funso la kumapazi linatsala, mpaka tsiku lina a Blake analandira phukusi papositi, m'kati mwake muli sandasi imodzi yaikulu ya a Dahl eniake. Ndiyo imene chimphonacho chavala m'bukumo kufikira lero. Chofunika apa si kuseketsa kwa sandasiyo, koma kuti wolemba anabwerera ku zolemba zake n'kuzisintha chifukwa cha zimene wojambula anamuonetsa. Wokongoletsa chabe sachititsa zimenezo.

Pamenepa wotsutsa wanzeru anena kuti a Blake anangokwera pamsana pa munthu wotchuka, ndipo pakanapanda a Dahl bwenzi dziko lisakuwadziwa. Muli choonadi pang'ono m'mawu amenewa: mabuku a Dahl agulitsidwa mamiliyoni ambirimbiri, ndipo anafikitsa mizere ya a Blake kumayiko kumene sikanafika. Koma pamene awiriwa ankakumana, a Blake anali ndi zaka 45, atajambula mabuku a ana kwa zaka 18, kuphatikizapo a Joan Aiken ndi a Russell Hoban. Mendulo ya Kate Greenaway, imene inali mphotho yaikulu ya ojambula mabuku a ana ku Britain, anailandira chifukwa cha Mister Magnolia la 1980, buku limene analemba ndi kujambula okha. Ndipo funsolo likhoza kutembenuzidwa. Mabuku oyambirira a Dahl anali ndi ojambula ena aluso: James and the Giant Peach la 1961 linajambulidwa ndi Nancy Ekholm Burkert, Charlie and the Chocolate Factory la 1964 ndi Joseph Schindelman. A Dahl atamwalira, osindikiza anapempha a Blake kuti ajambulenso mabuku akalewo, ndipo mu 2017 anamaliza ndi Billy and the Minpins, limene poyamba linajambulidwa ndi Patrick Benson. Osindikiza mabuku ndi anthu a malonda, sawononga ndalama pa chifundo. Anachita izi chifukwa anaona kuti ogula akaona mizere yokandakanda ija patali amadziwa kale kuti ili ndi buku la Dahl. Pa gule anthu amaombera m'manja wovina, koma mapazi ake amatsata ng'oma, ndipo mukasintha woimba ng'oma guleyo amasintha ngakhale nyimbo ikhale yomweyo.

Koma ngati tikuti wojambula ndi mwini nkhani, tisathawe mbali yowawa ya mfundoyi. Mwini nkhani amayankha mlandu. Mabuku a Dahl ali ndi nkhanza zambiri: mphunzitsi wamkulu woponya mtsikana kutali atamugwira tsitsi, mwamuna ndi mkazi ochitirana zachipongwe tsiku ndi tsiku, mfiti zofuna kusandutsa ana onse mbewa. Anthu oipa kawirikawiri amakhala onenepa, onyansa kapena opunduka maonekedwe, ngati kuti nkhope ndiyo umboni wa mtima. A Dahl eniake analankhulapo mawu onyoza Ayuda, moti banja lawo linapepesa poyera mu 2020. Zithunzi za a Blake zimapeputsa zonsezi. Mano a ng'ona ija ndi ochuluka mopitirira muyeso moti mwana amaseka m'malo molira, ndipo mtsikana woponyedwa uja amauluka ngati akusewera. Ena amati uku n'kupulumutsa nkhani, ena amati n'kupaka shuga pa nkhanza kuti mwana ameze mosazindikira. Ine ndikuona kuti oyambawo ali pafupi ndi choonadi, chifukwa mzere wopepukawo umauza mwana kuti izi ndi nthano, monga mmene mawu a agogo amachitira akamasimba za fisi ndi kalulu usiku. Komabe achiwiriwo sakulakwa kufunsa. Ndipo owerenga a ku Africa ali ndi chifukwa chapadera chofunsira. M'buku la Charlie and the Chocolate Factory la 1964, antchito a m'fakitale ya chokoleti anali anthu akuda aafupi otengedwa ku nkhalango za ku Africa, ndipo anajambulidwa choncho. Anthu atadandaula, makamaka ku America, buku la 1973 linasintha mawu ndi zithunzi zomwe. Palibe amene ananena kuti zithunzizo zisiyidwe poti ndi zokongoletsa chabe. Aliyense anadziwa kuti chipongwecho chinali m'chithunzi monga momwe chinaliri m'mawu. Mu 2023 kampani ya Puffin itasintha mawu ambiri m'mabuku a Dahl kuti asakhumudwitse owerenga a lero, kunabuka mkangano waukulu, koma anthu onenepa ndi onyansa aja anatsalabe m'zithunzi, ndipo mwana amawaona asanawerenge liwu lililonse.

Amene akuganiza kuti mzere wa a Blake umangodziwa kuseketsa aone Michael Rosen's Sad Book la 2004. A Rosen, wolemba ndakatulo za ana, anataya mwana wawo Eddie mu 1999 ndi matenda oumitsa khosi ali ndi zaka 18, ndipo analemba buku lalifupi lonena za chisoni chawo. Tsamba loyamba linapatsa wojambula ntchito yovuta kwambiri: kujambula munthu amene akumwetulira, koma woti woyang'ana azindikire kuti kumwetulirako n'kokakamiza. Mano ali pamtunda, masaya akwera, koma maso sakugwirizana ndi pakamwa. Aliyense amene anaonapo namfedwa akulandira alendo pa siwa akuidziwa nkhope imeneyi. Patsogolo pake pali msewu umodzi wojambulidwa kanayi, ndipo pa chithunzi chilichonse utoto ukunka nuzilala, anthu akuchepa, mpaka patsala munthu mmodzi pansi pa thambo lotuwa. Palinso tsamba la zithunzi za Eddie akukula, kuyambira ukhanda, ndipo bokosi lomaliza lasiyidwa lopanda kanthu. Kusiya bokosi lopanda kanthu n'chiganizo cha mwini nkhani, osati cha wokongoletsa, chifukwa wokongoletsa amalipidwa kuti adzaze malo. Mawu a a Rosen ndi ochepa ndi osavuta dala, ndipo akanasindikizidwa okha akanakwana pa tsamba limodzi. Bukulo ndi la anthu awiri, ndipo sindikuona njira yoona mtima yonenera kuti mmodzi ndiye mwini, winayo ndi waganyu.

Aphunzitsi ena ali ndi nkhawa ina, yakuti zithunzi zimachititsa ana ulesi: mwana amangoyang'ana chithunzi n'kulota nkhani m'malo molimbana ndi zilembo, ndipo maganizo ake sakula chifukwa zonse wapatsidwa kale. Pa kuphunzitsa kuwerenga, nkhawayi ili ndi maziko, pakuti mwana amene amangolota mawu poona chithunzi sanaphunzire kuphatikiza maphatikizo. Koma vuto limenelo ndi la kaphunzitsidwe, si la chithunzi. Ndipo pa za maganizo, zimatengera mtundu wa chithunzicho. Chithunzi chodzaza chilichonse, tsitsi lililonse ndi tsamba lililonse la mtengo, chikhozadi kutsekera mwana kunja. Cha a Blake chimasiya mipata: kumbuyo kulibe kanthu, chipinda chimangodziwika ndi mpando umodzi, nkhope ndi mizere isanu. Mwana ndiye amamaliza. Buku lawo la Clown la 1995 lilibe liwu ngakhale limodzi. Ndi nkhani ya chidole chotayidwa m'bini pamodzi ndi zinzake, chimene chimatuluka kukafuna munthu woti adzapulumutse zinzakezo, n'kumakanidwa uku ndi uku mpaka chitafika m'nyumba ya anthu osauka. Mwana wolankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chifalansa akhoza kulisimba lonse m'chinenero chake, ndipo kuti atero ayenera kutsata chiyambi, chifukwa ndi zotsatira, zomwe ndi ntchito yeniyeni ya kuwerenga.

Kutsutsa kwina kumachokera kwa anthu a zaluso eniake. Kwa nthawi yaitali ku Ulaya ankasiyanitsa luso lenileni, la zithunzi zazikulu zopachikidwa m'nyumba zoonetsera, ndi ntchito ya ojambula za m'mabuku, imene ankaiona ngati yotumidwa. Amati waluso weniweni amajambula za mumtima mwake, pamene uyu amangomvera mawu a wina ndi tsiku limene osindikiza aika. Koma zithunzi zambiri zakale zimene amazilemekezazo zinali zotumidwanso, ndi matchalitchi kapena mafumu, ndipo zinkasimba nkhani zolembedwa kale, makamaka za m'Baibulo. A Blake atasankhidwa kukhala Children's Laureate woyamba wa dziko la Britain mu 1999, udindo wa zaka ziwiri woimira mabuku a ana, anagwiritsa ntchito mpatawo kugwetsa mpanda umenewu. Mu 2001 anakonza chionetsero cha Tell Me a Picture ku National Gallery ku London, kumene anapachika zithunzi za akatswiri akale pamodzi ndi za ojambula mabuku a ana, mwa dongosolo la alifabeti, popanda zikwangwani zouza munthu chimene ayenera kuona. N'zochititsa chidwi kuti dziko la Shakespeare, posankha munthu woyamba woimira mabuku a ana, linasankha wojambula. Mu 2002 analandira mphotho ya Hans Christian Andersen, yaikulu pa dziko lonse pa ntchitoyi, ndipo mu 2013 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Mamendulo paokha satsimikiza kanthu, ndipo maboma amawapereka kwa oyenera ndi osayenera omwe. Umboni wamphamvu uli m'zipatala. M'zaka zawo za ukalamba a Blake ajambula zithunzi za pamakoma a zipatala ku England ndi ku France: okalamba akukwera mitengo ndi kuvina m'chipatala cha okalamba odwala maganizo, amayi akusambira pansi pa madzi ndi makanda awo m'chipatala cha amayi oyembekezera ku Angers. Kumeneko kulibe mawu a wolemba aliyense oti atsatire. Ali ndi wodwala wamantha yekha, ndipo ayenera kumuwerenga monga amawerengera buku.

Tsono ngati zonsezi n'zoona, zotsatira zake zimakafika ku ndalama ndi ku dzina, ndipo apa ndi pamene ambiri amayamba kuyang'ana kumbali. M'mayiko ambiri wojambula amalipidwa kamodzi kokha, ndalama yakutiyakuti pa chithunzi, ndipo buku likasindikizidwa kachiwiri, kachisanu, kapena likamasuliridwa m'zinenero zina, iye saonanso kanthu. Ngakhale ku Britain vutoli silinathe. Mu 2015 wojambula Sarah McIntyre anayambitsa kampeni ya Pictures Mean Business, yodandaula kuti nyuzipepala, ogulitsa mabuku ndi opereka mphotho amatchula wolemba yekha ngakhale pa mabuku amene theka lake ndi zithunzi. Mfundo yake inali ya malonda: dzina likapanda kulowa m'kaundula wa mabuku, palibe angadziwe kuti zithunzi za munthuyu zimagulitsa, ndipo sangathe kunenerera mtengo pa ntchito yotsatira. Komabe dzikolo lili ndi chinthu chimodzi choyenera kuchiyang'anitsitsa. Lamulo la 1979 linakhazikitsa dongosolo loti boma lizilipira eni mabuku kandalama pang'ono nthawi iliyonse buku lawo likabwerekedwa ku laibulale, ndipo ndalamayo imagawidwa pakati pa wolemba ndi wojambula amene dzina lake lili m'bukumo. Lamulo linavomereza chimene mwana amadziwa kale.

Wina anena kuti zonsezi ndi za dziko lolemera, la malaibulale m'tauni iliyonse, ndipo kuno kumene ana angapo amagawana buku limodzi m'kalasi, kukamba za ufulu wa wojambula n'kudya zokometsera nsima kulibe. Ndikuona mosiyana. Kumene mabuku ndi ochepa, chithunzi chilichonse chimalemera kwambiri, chifukwa mwana akhoza kukula ataona zithunzi za m'mabuku a sukulu okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi zokha basi. Mmene mayi wajambulidwira m'menemo, kaya nthawi zonse ali pa mtondo pamene bambo ali pa mpando, mmene mwana wolumala akuonekera kapena kusaonekera n'komwe, zonsezo ndi maphunziro amene palibe anawalemba mu silabasi. Ndipo kuphunzitsa ndi zithunzi si chinthu chimene tinachiona ndi azungu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zina mwa zithunzizo zinajambulidwa ndi amayi a mtundu wa Achewa pa chinamwali kuti malangizo akhazikike m'mutu mwa namwali. M'nthawi yathu, owerenga nyuzipepala akale amakumbukira Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja kuposa mitu ya nkhani imene inali patsamba loyamba masiku amenewo. Luso lilipo. Koma ana a kunja akamaona Malawi m'buku, amamuona kudzera m'dzanja la ena: Galimoto la 1990, nkhani ya mnyamata wopanga galimoto ya mawaya, linajambulidwa ndi Catherine Stock, ndipo buku la zithunzi la William Kamkwamba la 2012 linajambulidwa ndi Elizabeth Zunon, amene anakulira ku Abidjan. Onsewa anagwira ntchito yabwino, ndipo mayina awo ali pachikuto. Funso ndi lakuti wachinyamata waluso wa ku Ndirande kapena ku Mchesi angathe bwanji kufika pamenepo ngati ntchito zake zonse zimatuluka zopanda dzina pa timapepala ta mabungwe.

Kutsutsa kwatsopano n'kwakuti mkangano wonsewu watha ntchito, chifukwa lero kompyuta imatulutsa chithunzi m'kamphindi munthu akangoiuza chimene akufuna. Sindikukayika kuti osindikiza ofuna kupulumutsa ndalama athamangira kumeneko, ndipo oyamba kuluza ndi ojambula olipidwa pang'ono omwe aja. Koma makinawo amayankha funso limene apatsidwa, pamene ntchito ya a Blake inali kupeza funsolo: pa masamba 200 a nkhani, ndi mphindi iti yoyenera kujambulidwa, kodi ndi pamene mbale yagwa kapena kamphindi isanagwe, ndani ayang'ane ndani, n'chiyani chisiyidwe. Makina akauzidwa kuti ajambule munthu wosangalala amatero, akauzidwa wachisoni amateronso, koma payenera kukhala munthu amene wawerenga a Rosen n'kumvetsa kuti pakufunika zonse ziwiri pa nkhope imodzi, ndi kuti bokosi lina lisiyidwe loyera. Tisaiwalenso kuti makinawa anaphunzira pa zithunzi za anthu, zambiri zotengedwa pa intaneti eni ake osapemphedwa, ndipo popeza zithunzi za kwathu kuno n'zochepa m'menemo, mudzi umene amatulutsa umakhala wa ku Africa wosadziwika dera, wopanda nkhokwe yooneka ngati yathu.

Zoyenera kuchita si zodula. Dzina la wojambula lilembedwe pachikuto ndi m'kaundula wa buku. Mgwirizano ndi osindikiza kapena bungwe unene momveka kuti zithunzi zagulidwa kuti zigwiritsidwe ntchito pati ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo buku likasindikizidwanso wojambula alandire gawo lake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula monga limatetezera nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA si la oimba okha. Olemba za mabuku m'nyuzipepala aziweruza zithunzi monga amaweruzira mawu, kuyamikira ndi kudzudzula komwe. Chotsala ndi kusunga. A Blake anathandiza kukhazikitsa House of Illustration, nyumba yoonetsera zojambula za m'mabuku imene inatsegulidwa ku King's Cross mu 2014, ndipo bungwelo, limene tsopano likutchedwa Quentin Blake Centre for Illustration, linalonjezedwa nkhokwe ya zojambula zawo pafupifupi 40,000, zoyeserera ndi zomalizidwa zomwe, kuti wophunzira aone njira yonse kuchokera pa mzere woyamba. Kwathu kuno National Archives ku Zomba ndi nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri zikhoza kuyamba ndi kabati imodzi yosalowa chinyezi ndi chiswe, n'kupempha manyuzipepala, osindikiza mabuku a sukulu ndi mabanja a ojambula kuti abweretse mapepala enieni amene akadalipo, lililonse lilembedwe dzina la mwini wake ndi chaka chimene linajambulidwa.